Musanaimbe mlandu netiweki, tafunsani kaye kaundula wa mayina

Lachiwiri lapitali foni inalira 5 koloko isanakwane, ndili mtulo kwathu ku Matundo. "Achimwene, bwerani msanga, sikelo yakana, malole afola mpaka kumsewu." Ndinakwera chapa ya ku Moatize ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Pofika ndinapeza madalaivala akhala pamthunzi wa malole awo, dzuwa la Tete layamba kale zake zija, ndipo aliyense mu ofesi akunena mawu amodzimodzi: rede, ndiye kuti netiweki, yagwa. Kampaniyo dzina lake tisiye, chifukwa zimene zinachitika kumeneko ndaziona malo ena awiri, ndipo ndikhulupirira kuti zilinso m'maofesi ena pakati pa Songo ndi Zóbuè.

Netiweki inali bwinobwino. Makompyuta onse ankayankhana ndikayesa ping, lamulo loonera ngati kompyuta ina ikufikirika. Chimene pulogalamu yolemba malisiti inkalavula pa sikirini ndi mawu amodzi akuti TRANSIENT, ndipo amene anagwirapo CORBA akudziwa kuti mawuwa amatanthauza kuti ndagogoda pakhomo pamene munandiuza koma palibe wanditsegulira.

Ndifotokoze pang'ono kwa amene simunakumanepo nazo. CORBA ndi njira yakale yoti mapulogalamu a pa makompyuta osiyana azitumana ntchito ngati ali pamodzi. Bungwe la OMG (Object Management Group) linatulutsa malamulo ake oyamba mu 1991, ndiye kuti ndi yaikulu kuposa anyamata ambiri amene ndimagwira nawo ntchito. Kwa ife, pulogalamu yowerenga kulemera kwa lole ili pa kompyuta ya kusikelo, yolemba malisiti ili mu ofesi. Kuti ya mu ofesi ipeze inzake, imafunika keyala yotchedwa IOR, chingwe chachitali cha manambala ndi zilembo chimene munthu wamoyo sangachiloweze. M'kati mwa chingwecho mwabisala IP ya kompyuta (nambala yake pa netiweki), nambala ya port (khomo limene pulogalamu imamvetserapo) ndi chizindikiro cha chinthu chimene chikufunidwacho. Poti palibe angamalembe zimenezo pamanja tsiku ndi tsiku, pamakhala seva ya mayina. Yathu ndi omniNames, yomwe imabwera ndi omniORB, pulogalamu imene imayendetsa CORBA kwathuko, ndipo imamvetsera pa port 2809. Pulogalamu ya kusikelo ikadzuka imapita kukalembetsa kuti ine dzina langa ndi lakuti, ndikupezeka apa. Ya mu ofesi imangofunsa dzinalo n'kupatsidwa keyala.

Ndimaifanizira ndi mlembi wa bairro. Mukafuna kudziwa kumene akukhala auje, iye amatsegula buku n'kukuuzani. Koma mlembiyo sayendera nyumba ndi nyumba m'mawa uliwonse kuona ngati anthu akadali momwemo. Munthu akasamukira ku Chingodzi osakamuuza, iye adzapitiriza kukulozerani nyumba yakale ndi mtima woyera, chifukwa ndi zimene zili m'buku. Seva ya mayina ndi chimodzimodzi. Siifufuza ngati chinthu chimene inalemba chikadali moyo.

Ndiye ndinalemba nameclt list, lamulo lofunsa seva ya mayina zimene zili m'buku lake, mayina onse anatuluka ali ndondondo. Ndinatenga IOR ya sikelo ndi nameclt resolve n'kuipatsa catior, kachida kamene kamamasula chingwe chija kuti munthu awerenge. Mphindi ziwiri sizinathe, vuto linali poyera. IOR inkaloza IP yothera ndi 23, pomwe kompyuta ya kusikelo tsiku limenelo inali pa 41. Usiku magetsi anathima, batire losungira mphamvu linatha, ndipo zinthu zitayakanso rauta inagawa manambala mwatsopano. Kompyuta ya kusikelo zaka zonsezi inkalandira IP kudzera pa DHCP, njira imene rauta imagawira yokha manambala, kungoti mwamwayi inkapatsidwa yomweyomweyo.

Panalinso kachilema kachiwiri kamene kanandikwiyitsa kuposa koyambako. Amene analemba pulogalamu ya kusikelo anagwiritsa ntchito bind polembetsa dzina. Bind ikapeza kuti dzinalo lilipo kale imakana ndi AlreadyBound, ndipo mkuluyo anangolamula pulogalamu kuti ikamva zimenezo izikhala chete n'kupitiriza. Akanalemba rebind, keyala yatsopano ikanalowa m'malo mwa yakale yokha, malole akanayezedwa, ine ndikanagona mpaka 6 koloko. Ndinachotsa dzinalo ndi unbind, n'kuyatsanso pulogalamu, inalembetsa keyala yolondola, lole yoyamba inakwera pasikelo. A shefe anandigwira chanza ngati ndachita zamatsenga.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ena mukwiya nawo. Tikakumana anthu a makompyuta muno mu Tete, timakonda kunyoza CORBA kuti ndi chinthu cha agogo, chofunika kutaya. Inenso sindingayambire nayo ntchito yatsopano lero. Ngakhale Java inaichotsa: kuyambira Java 11 ya mu 2018, orbd ndi tnameserv, maseva ake a mayina, mulibenso. Koma chimene chinaimitsa malole tsiku lija si ukalamba wa CORBA. Ndi chakuti seva ya mayina ilibe mwini. Wa netiweki amati ndi ya opanga mapulogalamu. Opanga mapulogalamu anamaliza kontalakiti yawo kalekale, ali ku Maputo kapena ku Johannesburg, nambala yawo siikugwiranso. Amene anatsala amangodziwa kuti kabokosi kali pansi pa tebulo kaja sitizimitsa, osadziwa kuti kamachita chiyani. Mutu umodzi susenza denga, koma pano denga lonse linasenzedwa ndi mutu umodzi, mutuwo n'kuchoka.

Ndipo zofunika kulemba n'zochepa mochititsa manyazi. Pa kompyuta iliyonse pali fayilo ya omniORB.cfg, ndipo m'menemo muli mzere wa InitRef wonena kumene NameService, seva ya mayina ija, ikupezeka. Mzere umenewo ukalakwika, pulogalamu siifika n'komwe kwa mlembi uja. Pa kompyuta imene ikupereka ntchito pali mzere wa endPoint, wonena IP ndi port zimene zilembedwe mu IOR. Mukasiya malo a IP opanda kanthu, omniORB imadzisankhira yokha, ndipo pa makina okhala ndi makhadi awiri a netiweki ikhoza kulengeza khadi limene anzake sangalifikire. Ndinazionapo ku Ulongwe, kwa ogula mbewu ena, tsiku lonse tikusinthasintha mawaya pomwe vuto linali mzere umodzi. Kenako pali chikwatu chimene omniNames imasungamo buku lake. Zinthu zitatu basi. Tsamba limodzi la kope lingakwane, n'kulimata kukhoma pafupi ndi makinawo.

Za chikwatucho ndikhalepo pang'ono, chifukwa mnyamata wina amene tinali naye anatsala pang'ono kutipweteka. Iye anawerenga penapake kuti omniNames ikavuta umafufuta mafayilo ake n'kuiyatsanso ndi -start. N'zoona kuti imayaka. Koma imayaka ndi buku loyera, lopanda dzina ngakhale limodzi. Ndiye kuti pulogalamu iliyonse pa kampanipo, ya pageti, ya kumalo osungira katundu, ya kusikelo, iyenera kudzalembetsanso, ndipo ngati ina imayembekezera kupeza nthambi ya mayina imene munthu wina anaipanga pamanja zaka khumi zapitazo, mudzangoona NotFound, kutanthauza kuti dzinalo silinapezeke, osadziwa kuti nthambiyo inkatchedwa chiyani. -start ndi ya tsiku loyamba lokha. Masiku ena onse omniNames imayatsidwa popanda mawuwo, n'kuwerenga buku lomwe lilipo. Ndinamugwira dzanja lili kale pa kiyibodi. Sindikumunena, ali ndi mtima wofuna kuthandiza, ndipo palibe anamuphunzitsapo. Kusukulu anaphunzira zina, izi anangozipeza zikuyenda.

China chimene ambiri sachidziwa: dzina la mafayilo a bukulo limakhala ndi dzina la kompyutayo m'kati. Munthu akabwera ndi changu chokonza zinthu n'kusintha dzina la makina, omniNames imafunafuna fayilo ya dzina latsopano n'kuisowa, pomwe buku lenileni lili pompo. Ndipo chonde, bukulo lisakhale mu /tmp, chikwatu cha mafayilo osakhalitsa. Koperani chikwatucho pa kafulashi kamodzi pamwezi, sichilemera n'komwe.

Pali nkhani ya chitetezo imene sindifuna kuitalikitsa, koma inandidetsa nkhawa. Mmene inaikidwira pamalopo, seva ya mayina siifunsa mawu achinsinsi. Aliyense amene wafika pa port 2809 akhoza kufufuta dzina kapena kulilozetsa kwina. Nditayang'ana bwino ndinapeza kuti Wi-Fi imene madalaivala amapatsidwa podikira ili pa netiweki yomweyo ndi makina a sikelo. Palibe anachitapo choipa, inde, koma sikelo ndi ndalama, ndipo khomo lotere silisiyidwa pululu. Tinazilekanitsa madzulo omwewo.

A shefe anandifunsa kuti kodi tigule pulogalamu yatsopano? Ndinawayankha kuti bambo, mudzagula nthawi yake ikakwana, ndipo yambani kusunga ndalama zake chifukwa anthu odziwa zimenezi akuchepa chaka ndi chaka. Koma yatsopanoyo nayonso idzakhala ndi mlembi wake, kaya adzatchedwa DNS kaya dzina lina lokongola, ndipo akadzasowa mwini mudzandiimbiranso m'bandakucha. Anaseka, ine sindinaseke.

Ndisanachoke ndinapatsa kompyuta ya kusikelo IP yokhazikika, ndinailemba mu endPoint, ndipo ndinatenga kope la mlonda n'kung'ambamo tsamba. Ndinalembapo mizere itatu ija m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa, pansi pake n'kuwonjezera malamulo awiri oyamba kuyesa TRANSIENT ikaonekanso. Mnyamata uja ndiye anamata kukhoma ndi selotepi, ndipo ndinamuuza kuti kuyambira lero kabokosiko ndi kake. Za bind ija sindinathe kukonza, chifukwa source code, zolemba zimene pulogalamuyo inapangidwira, palibe akudziwa kumene ili. A shefe akuti mwina ili pa CD ina m'kabati ya ku ofesi yakale, adzayang'ana Lolemba.