Moni si wotayitsa nthawi

Dzulo mwana wa mchemwali wanga wandilembera pa WhatsApp, patatha miyezi isanu tisakumvana. Uthenga wonse: "Malume, nambala ya abwana anu aja." Basi. Nditamufunsa kuti moni wamusiya kuti, akuti zimenezo n'zongotayitsa nthawi. Mtima unandiwira moti foni ndinaiponya pampando.

Zotayitsa nthawi! Talimvetserani liwu loti kulemekeza, abale anga. Muli kulemera m'menemo. Ukalemekeza munthu ndiye kuti wamuona kuti ndi wolemera, si wonyamula ndi dzanja limodzi ayi. Ukamupeputsa wamuyesa wopepuka ngati mankhusu. Ngakhale Aheberi, kutali konseko, liwu lawo la ulemu loti kavod limachokera ku kulemera komweku. Mnyamata ameneyu anandipeputsa, palibenso dzina lina.

Moni ali ndi katundu mkati mwake. Aluya akati salaam, Ayuda akati shalom, akukufunira mtendere. Sawubona wa Azulu akunena kuti takuona, ulipo, ndiwe munthu. Mwana wa Chiswahili akamapereka shikamoo kwa wamkulu akunena kuti ndagwira mapazi anu. Ciao yemwe achinyamata mumamutchula mwamatama uja anayambira ku Venice, ndipo tanthauzo lake linali loti ndine kapolo wanu. Kapolo! Goodbye nayenso ndi chidule cha mawu oti Mulungu akhale nanu. Nanga mwadzuka bwanji wathuyu? Ndi funso lenileni, chifukwa si onse ogona amene amadzuka. Iwe sunandifunse n'komwe ngati ndadzuka, ukufuna nambala kwa munthu amene sukudziwa ngati ali moyo.

Kaya ndi mafoniwa, kaya ndife makolo tinalekerera, zimenezo kakambiraneni nokha. Ine ndikudziwa kuti tsamba likagwa manyazi agwira mtengo, ndipo dzulo manyaziwo ndinawamvera mchemwali wanga.

Komanso inu a moni wangongole musaseke. Chaka chonse zii, tsiku lomwe mwasowa ndalama ndiye moni wautali ngati ulaliki, kufunsa za ana, za alamu, mpaka za mutu umene unandipweteka chaka chatha. Ndikangoona "akuluakulu, kwatayika" ndimadziwiratu kuti uthenga wachitatu muli chiwerengero.