Opaleshoni payokha siikwanira

Ndi zoona kuti opaleshoni ya msana ndi yodula ndipo osauka saifikira. Koma ndondomeko ya zaumoyo isathere pamenepo. Ovulala mtsempha waukulu wa mumsana ambiri amamwalira atatuluka kale m'chipatala, chifukwa cha zilonda za pogonera ndi matenda a m'chikhodzodzo. Wodwala amafunika kumutembenuza maola 2 aliwonse, ndi kumutulutsa mkodzo ndi kachubu kotchedwa kathita maola 4 mpaka 6 aliwonse. Njinga ya olumala ikhale yomuyeza, yokhala ndi khushoni. Yopanda khushoni imadya khungu la m'matako mpaka fupa kuonekera, ndipo chilonda choterocho chimatenga miyezi kuti chipole. Makathita, makhushoni ndi mafizo zilowe m'thandizo laulere, achibale aphunzitsidwe wodwala asanatulutsidwe.