Sikuludiraiva ya batire: za mavoti a magetsi tamva, nanga timitu take?

Zikomo alembi, koma apa mwanena kuti pogula sikuludiraiva ya batire tisankhe ya mavoti (V) ambiri, kutanthauza yamphamvu kwambiri, ndikutsutsani pang'ono. Ntchito za m'nyumba, monga kumanga zogwirira za kabati kapena mahinji a chitseko, ka 3.6V kamakwana. Yamphamvu kwambiri imangophulitsa thabwa la utuchi lija, sikuluwo n'kumazungulira osagwira.

Chimene chinandipweteka ine ndi timitu, tizitsulo tosinthasintha tomwe timalowa pamutu pa sikuluwo. Ndinagula kotchipa kokhala ndi timitu 30, ndikumati ndaphula. Tsiku loyamba kamutu kolembedwa PH2 kanatha mano ndikumanga bedi la mwana. Kenako mlamu wanga, amene ndi kalipentala, anandionetsa kuti masikuluwo anali a mtundu wa Pozidriv, okhala ndi timizere tina tinayi pamutu, ndipo amafuna kamutu ka PZ2. Ndiye onetsetsani kuti kakamwa ka sikuludiraivayo, kolowetsamo timitu, ndi ka 6.35mm, kuti timitu tabwino muzigula padera.

Kazikhala ka batire ya lithiamu kochajira pa USB, magetsi akathima mumalumikiza ku power bank. Komanso kazikhoma mukasiya batani, kuti muzimaliza kulimbitsa ndi dzanja.

Khoma la njerwa musayese n'komwe, pamenepo kabwerekeni dirilo.