Utsi wa fodya pa depoti

Kodi anthu osuta fodya podikirira minibasi amayesa kuti enafe tilibe mphuno? Munthu wayatsa ndudu pakati pa gulu, pambali pake pali mayi wobereka khanda, utsi wonse ukuthera kumaso kwa mwanayo. Ukangoti, "Achimwene, tasunthirani uko," amakuyang'ana ngati wawatukwanira makolo. Ati fodya ndi amene amabweretsa ndalama zakunja. Chabwino, koma ndalamazo zimapezeka ku okushoni ku Kanengo, osati m'chifuwa mwa khandali.

Malawi idavomereza pangano la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, koma pa hokala akugulitsabe ndudu imodziimodzi, ndipo wotumidwa kukagula ndi mwana wa sitandade 3, yunifolomu ili m'thupi. Wogulitsayo samufunsa n'komwe, amangomupatsa chenji.