Unamwino si pothawira masamu

Dzulo m'minibasi mayi ena amauza mnzawo kuti mwana wawo wa Fomu 4 masamu akumukanika, ndiye angopita ku unamwino poti ali ndi mtima wabwino. Sindinalowerere, koma nkhaniyi ndagona nayo ndipo yandiwawa.

Mtima wabwino ndi wofunika, sindikutsutsa. Koma ife amene timagwira pa wodi tikudziwa kuti masamu sachoka m'manja ngakhale ola limodzi. Mwana wa makilogalamu 12 watentha thupi. Paracetamol ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse, ndiye 180. Botolo lalembedwa kuti mamiligalamu 120 pa mamililita 5. Umupatsa angati? Mamililita 7.5. Ndipotu awa ndi mankhwala osavuta. Nanga gentamicin, jakisoni wopha mabakiteriya, wa khanda la masiku atatu? Nanga magnesium sulphate wa mayi woyembekezera amene BP yakwera mpaka wayamba kukomoka? Kadontho ka pa nambala kakasuntha malo amodzi okha, mwana wa eni walandira mlingo wochuluka kakhumi. Ukatero sungabweze jakisoni amene walowa kale m'thupi.

Dilipi nayo chimodzimodzi. Lita imodzi iyenera kutha m'maola 8, paipi yake imatulutsa madontho 20 pa mililita, ndiye madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Kumene kulibe makina, namwino amaima ndi wotchi n'kumawerenga yekha, usiku, odwala ena akumuitana mbali zonse.

N'chifukwa chake ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ku Malawi College of Health Sciences ndi ku makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission amayang'anitsitsa masamu, Biology, sayansi ndi Chingerezi pa satifiketi ya MSCE. Ukamaliza sukulu palinso mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi usanaloledwe kugwira ntchito. Si nkhanza ayi, akuteteza odwala.

Komanso ndisanamize ana anzeru m'kalasi. Ndaonapo wophunzira wokhoza bwino mayeso akunjenjemera pofuna mtsempha wa mwana amene watsekula m'mimba mpaka madzi kutha m'thupi. Zimenezo buku silingakupatse. Umaphunzira poima pambali pa sisitala wamkulu, kuyesa, kulephera, kufunsa osachita manyazi. Umaphunzira kuwerenga mpweya wa mwana kwa mphindi yathunthu osafulumira, podziwa kuti kupuma kofika pa 50 kwa wa miyezi iwiri mpaka chaka, kapena 40 kwa wa chaka mpaka zaka zisanu, ndi belu la chibayo. Ku chipinda chochilira umamvetsera mtima wa mwana amene ali m'mimba mphindi 30 zilizonse n'kulemba pa partograph, pepala lolembapo mmene kubereka kukuyendera, nthawi yomweyo, osati kudzaza pepala mayi atachira kale.

Ndiye pali pakamwa. Timaphunzira m'Chingerezi, koma agogo a ku Mangochi akufotokozera ululu wawo m'Chiyao, gadiyani wa ku Rumphi akufunsa m'Chitumbuka. Ngati sungamuuze mwaulemu kuti piritsi ili ndi la m'mawa, masana ndi usiku mpaka lithe, n'kumupempha abwereze zimene wamva, mankhwala abwino aja akathera pansi pa mphasa.

Amayi a m'minibasi, ngati muwerenga izi, mwanayo musamufooketse, unamwino ukufuna anthu amtima ngati wake. Koma mupezereni womuthandiza ma fraction, ma decimal ndi kugawa teremu yomwe ino, mayeso asanafike.