Mwala ndi mwala? Musatinamize apa

Lero ndiye ndilankhula, amene akwiye akwiye. Achemwali anga aikitsa kauntala ya marble kukhitchini, yoyera mbee ya mizere yotuwa ija imakongola pazithunzi. Sipanathe ndi mwezi womwe, mwana wadulira ndimu pamenepo, madzi ake agonapo pang'ono, popukuta papezeka banga losawala. Sopo walephera, chilichonse chalephera. Kuimbira foni munthu amene anawagulitsa uja, yankho lake akuti, "Amayi, mwala ndi mwala, kumeneko n'kusasamala kwanu." Munthu yemweyo tsiku lolandira ndalama ankalumbira kuti mwala umenewu sufa, adzaupeza ndi adzukulu.

Mwala ndi mwala? Koma zoona? Ngati ukugulitsa chinthu chimene sukuchidziwa, siya ukagulitse zina. Ngati ukuchidziwa koma wasankha kukhala chete, ndiwe wakuba basi, dzina lina palibe.

Marble ndi mwala wa laimu umene unaphikidwa ndi kutentha komanso kupanikizika pansi panthaka. M'kati mwake ndi calcium carbonate, chomwe chija chimapanga chikamba cha dzira. Asidi aliyense amaudya. Ndimu, viniga, tomato, vinyo, mankhwala ena otsukira kubafa, zonsezi zikangokhudza zimanyambita kuwala kwa pamwamba paja. Banga limenelo si litsiro ayi, ndi mwala weniweniwo umene wadyeka, n'chifukwa chake kukwecha sikuthandiza. Pamafunika mmisiri adzapalenso ndi kupolisha. Ndiye tandiuzani, ndi khitchini iti padziko lino imene mulibe ndimu kapena tomato? Wogulitsa uja samadziwa zimenezi? Amadziwa bwinobwino.

Ndiponso marble ndi wofewa. Pamuyeso wa kulimba kwa miyala umene Friedrich Mohs anakonza mu 1812, woyambira pa 1 kukafika pa 10, marble ali cha pa 3. Mpeni wamba uli cha pa 5 ndi theka. Granite, mwala wina wopangira makauntala, ali pakati pa 6 ndi 7. Werengani nokha. Mpeni umakanda marble, pamene granite ndi amene amabunthitsa mpeniwo. Anthu osema ziboliboli akhala akuthamangira marble wa ku Carrara ku Italy kwa zaka mazanamazana chifukwa chakuti amasemeka. Chinthu chosemeka ndi tchizulo wina n'kumakuuzani kuti n'chimodzimodzi ndi granite. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti marble ndi woipa, musandimve molakwa. Alipo anthu amene amamukonda ndi mabanga ake omwe, amati ndiye kukongola kwake. Zawo zimenezo, anasankha akudziwa. Changa n'chakuti munthu auzidwe asanatulutse ndalama. Mumuuze kuti mayi, uwu ndi wokongola koma umaopa asidi, uwu ndi wolimba koma umamwa mafuta mukapanda kuupaka mankhwala, uwu suthimbirira koma umaopa moto. Zatha. Mawu ochepa chabe amenewo akuvuta chiyani?

Bodza lina limene landitopetsa ndi la sealer. Akuti tapaka sealer, musadandaule. Sealer amalowa m'timabowo ta mwala kuti mafuta, khofi ndi zina zisalowe msanga, mupeze mpata wopukuta. Ntchito yake ndi yomweyo. Saletsa asidi kudya marble ngakhale pang'ono. Mutha kupaka kakhumi, ndimu adzagwirabe ntchito yake. Ndipo amatha, amafuna kubwereza. Kuyesa kwake n'kosavuta: dontheza madzi pakauntala, dikira mphindi zingapo, pukuta. Pakada, mwala wayamba kumwa, nthawi yopakanso yakwana. Ndani anawauza achemwali anga zimenezi? Palibe.

Tsopano pali quartz, amene ogulitsa akumutamanda ngati alibe chilema. Ameneyu sakumbidwa ali thabwa ayi, amapangidwa kufakitale. Amapera mwala, pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse, n'kuumata ndi utomoni wa pulasitiki. Zoona samwa madzi, safuna sealer, ndimu samuopa kwenikweni. Koma tengani poto wochoka pamoto muikepo, muona. Utomoni uja umapsa n'kusiya mkombero wachikasu, nthawi zina mpaka kung'aluka. Dzuwa likamamuomba tsiku ndi tsiku amasintha mtundu. Koma wogulitsa angokuuzani kuti ndi mwala. Mwala ndi mwala, eti?

Ndiye palinso quartzite, wachilengedwe, wolimba zedi. Vuto n'lakuti ena amatenga mwala wofewa wa mtundu wa marble n'kuupatsa dzina limeneli kuti uyende malonda. Apa musakhulupirire pakamwa pa munthu. Pemphani kachidutswa ka thabwa lomwelo mukufunalo, osati ka sampulo kena kapashelefu. Kafinyireni ndimu, kadonthezereni mafuta, kasiyeni kagone, muone ngati kachite banga. Tengani ngodya yake yakuthwa mukande botolo lagalasi. Quartzite weniweni amakanda galasi, marble sangathe. Wogulitsa akakana kukupatsani kachidutswa, nyamukani muzipita, wakuuzani kale zonse. Safunsa anadya phula.

Inde ndikudziwa, ena ndi anyamata ongolembedwa ntchito sanaphunzitsidwe, ena akuthamangitsa komishoni. Zimenezo si vuto la wogula.

Ndipo bodza lomweli la mwala ndi mwala limatsatira mpaka poika. Granite wokhuthala masentimita 3 amalemera makilogalamu pafupifupi 80 pa sikweya mita imodzi. Wa masentimita 2 amapitirira 50. Katundu wotereyu mukumukhazika pa makabati opendama, osaikapo ndi levulo yomwe? Mwala supindika, ukakhala pamalo osalingana umathyoka, ndipo umathyokera pamene pali popyapyala, kutsogolo kwa sinki kapena pambali pa chitofu. Mbali yotulukira kunja ija anthu amakhalirapo pamipando, ikatalika imafuna zitsulo zoigwira pansi. Polumikiza mathabwa awiri pamafuna kuganiziridwa asanadule, osati kungopezeka mzere wa guluu pakati penipeni pamene aliyense akuona. Muyeso umatengedwa makabati ataikidwa kale, osati papepala la pulani. Mwala ukang'aluka, oikawo adzakuuzani kuti munakwerapo. Nthawi zonse wolakwa ndi mwini nyumba, iwo ayi.

Kusamala kwake si nkhani yaitali n'komwe. Madzi ofunda, sopo wotsukira mbale pang'ono, nsalu yofewa. Chatayika pukutani pompo. Dulirani pathabwa, poto wotentha muike pa choikapo chake. Viniga amene anthu amalangizana kuti amatsuka chilichonse uja asayandikire marble. Sitiliwulu ayi. Zimenezi munthu atha kuzilemba kuseri kwa lisiti. Koma ayi, kulandira ndalama n'kuzimitsa foni.

Ndisanaiwale, china chimene chimandiwawa kuposa banga la achemwali angali. Mwaonapo mmene anyamata ena amadulira miyala imeneyi? Galayinda m'manja, mwala wouma, fumbi lili kobo, nkhope yonse yoyera, pamphuno atamanga kansalu kapena opanda kalikonse. Fumbi limenelo ndi silica. Likalowa m'mapapo silituluka, limapanga zipsera, munthu n'kuyamba kubanika. Matenda ake ndi silicosis ndipo alibe mankhwala ochiza. Quartz wa kufakitale uja ndiye woopsa kwambiri chifukwa silica wake ndi wochuluka kuposa wa granite. Dziko la Australia linafika poletseratu mwala wopanga umenewu kuyambira pa 1 July 2024, litaona amisiri achinyamata akudwala ndi kufa. Dziko lathunthu kuletsa, wina n'kumatuma mwana wa eni ake kuti adule wouma, m'nyumba, mawindo ali otseka! Kudula kumafuna madzi, makina okoka fumbi ndi masiki yeniyeni yosefa, osati kansalu. Bwana mwini wake amaima patali, mphuno atatseka ndi mpango, akufunsa kuti mumaliza nthawi yanji.