Chipolopolo cha ku Sarajevo chinafika mpaka ku Karonga

Masiku ano ndikatsegula Facebook ndikupeza anthu akuchemerera nkhondo ngati mpira. Wina akuti awathire mabomba aone polekera, wina akuti ife sizitikhudza, n'za eni ake kutaliko. Abale anga, mawu amenewa amandiwawa mumtima.

Pa 28 Juni 1914, mumzinda wa Sarajevo ku Ulaya, mnyamata wa zaka 19 dzina lake Gavrilo Princip anawombera Franz Ferdinand, yemwe ankayembekezera kulowa ufumu wa Austria-Hungary, pamodzi ndi mkazi wake Sophie. Maliro a anthu awiri okha. Patatha mwezi, Austria-Hungary inalengeza nkhondo ndi Serbia. Russia inasonkhanitsa asilikali kuti iteteze Serbia, Germany inaikira kumbuyo Austria n'kuyamba nkhondo ndi Russia komanso France, ndipo itaponda dziko la Belgium pa 4 Ogasiti, Britain nayo inalowamo. Aliyense ankati akungosunga pangano ndi mnzake. Ambiri ankayesa kuti pofika Khirisimasi anyamata adzakhala atabwerera kwawo.

Koma Britain sinalowe yokha. Inakokeramo maiko onse amene inkawalamulira, ndi ife tomwe, popanda wotifunsa. Chifere Franz Ferdinand sipanathe masabata asanu ndi awiri, mzinga unalira pa nyanja yathu. Sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen inawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili padoko la Sphinxhaven, komwe lero kumatchedwa Liuli ku Tanzania. Woyendetsa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti kwayambika nkhondo. Pa 9 Sepitembala magazi anakhetsedwa ku Karonga, ndipo ambiri mwa amene anagwa mbali zonse ziwiri anali anthu akuda, ophana pa mlandu umene sankaudziwa mutu wake.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse imeneyi makolo athu anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera kulira kwa mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Komabe chimene chinapululutsa midzi kwambiri ndi mtengatenga. Kumalo kopanda misewu katundu yense wa asilikali ankayenda pamutu pa munthu, ndipo amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anagwira ntchito imeneyi, ambiri mokakamizidwa. Agogo anga aakazi ankasimba za amalume awo amene anawagwira m'mamawa akupita kudimba, khasu lili paphewa. Khasulo analitola panjira. Ankati mayi awo a amalumewo anakhala zaka akupatula nsima m'kambale madzulo alionse, n'kuivundikira, kuti mwina mwana wawo afika usiku ali ndi njala. Amene ankabwerako ankabwera mapazi ataphulika, msana uli mabala a chikoti, ena atatheratu ndi kamwazi.

Mbusa John Chilembwe anaziona msanga. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi a kuno akufera nkhondo yosawakhudza, n'kusiya amasiye, pomwe olemera amene adzapindule nayo ali phee. Boma la atsamunda linaletsa kalatayo kufalitsidwa. Mu Januwale 1915 iye anaukira, ndipo chimodzi mwa zimene zinamupsetsa mtima chinali chimenechi.

N'chifukwa chake sindivomera zoti pali nkhondo ya maiko akuluakulu imene ingathere kwawo komweko. Ngakhale ya Russia ndi Ukraine, imene inakula mu 2022, tinaimvera pa mtengo wa feteleza ndi mafuta ophikira, tili kuno. Amene akuitanira moto pa foniyo sindikudziwa ngati anaganizapo kuti adzasenze katundu ndani.

Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918. Kuno zinapitirirabe kwa masiku angapo, ndipo mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anakagonja pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala ku Zambia. Amalume aja sanabwereko, ndipo kumudzi kwathu kulibe manda awo.